Mtchaina wa Nsalu Yoyera pa Maliro a Mwana Wanga

Mawu angawa ndi aakulu, ndikudziwa. Kuno ku Mbizo, komboni ya ku Kwekwe, amandinena kuti ndikaitana mwana pakhomo, amayankha wa ku Amaveni, tsidya lina la tauni. Koma tsiku limene tinaika mwana wanga wachisamba, m'mawa wonse mawu aja anali atathawira m'mimba. Chisoni chinalipo, inde, koma chisoni ndimachidziwa, ndinaikapo mwamuna. Chimene chinandilanda mawu anali mantha.

Mwana wangayo anali wowotcherera zitsulo. Ankagwira ntchito pa kampani ina ya Matchaina yotsuka miyala ya kuromu ya m'migodi, kunja kwa tauni, mbali ya ku Mvuma. Anamutenga ndi matenda a shuga, osati ntchito, ndinene zoona. Anandisiyira mkazi wake ndi mwana wamwamuna mmodzi. Mdzukulu wangayo ndi bambo ndithu, ndevu zake izi, amakumba golide ndi makorokoza anzake, aja okumba mozemba boma. Iyeyo ndiye anali mantha anga.

Analowapo ntchito kwa Matchaina ena, osati a bambo akewo, ena a kumiyala uko. Anayambana ndi kapitawo, anamuchotsa. Kuyambira pamenepo mtima wake unali makala. Kenako anaswa munthu ndi botolo kubhawa. Kukhoti ndinapita ndekha, ndinamva ndi makutu angawa. Woweruza uja anatsitsa magalasi pamphuno, nkuti, "Mnyamata, lero ukupita kwanu. Koma ukadzangokwezanso dzanja pa munthu, udzalowa, ndipo za lerozi udzazisenza pamodzi." Ndinawasunga mawu amenewo. Pakhomo panga mwamuna anatsala ndi yekhayo.

Ndiye m'mawa wa tsiku loika uja kunabwera uthenga kuti lole ya kuntchito kwa malemu ibweretsa anzake. Mdzukulu wanga anaima pakhomo la khitchini, maso ali psuu.

"Agogo, ndikukuuzirani kale. Mtchaina akaponda pano ndimuphwanya."

"Iwe! Anakulakwira ndi uyo wa kumiyala. Awa a bambo ako akutani?"

"Onse ndi amodzi, agogo."

"Onse unawaona iwe?"

"Ukaona mmodzi waona onse. Nkhope imodzi, mtima umodzi."

Ndinapita kuseri kumene amayi ankadula kabichi, poganiza kuti kumeneko ndikapuma. Ayi ndithu, nkhani inali yomweyo. Woyambitsa anali mnansi wanga wa kuseri kwa fensi, mayi wa Chishona, pakamwa pake ngati panga.

"Mbuya, musanetseke, musavutike. Havauyi, sabwera. Anthu aja sapita kumaliro. Munaonapo manda a Mtchaina inu?"

Nkuwonjezanso kuti, "Salira aja. Misozi ituluka pati, timaso timeneto?"

Wina, mpeni uli m'mwamba: "Ine ndinamva kuti onse ndi akaidi. Amawatulutsa m'ndende kwawoko kuti adzagwire ntchito kuno."

"Ndipo onse amadziwa karate. Ngakhale nkhalamba."

"Akamalankhula ngati mbale zagwa pasimenti!"

"Kaya Mjapani, kaya Mkoreya, kaya uti, ndi Matchaina okhaokha basi. Mbuya, galu wanu ali kuti? Mubiseni, angamudye."

Galuyo ndinali nditamumangirira kale kuseri kwa chimbudzi. Ndinamanga kuti asalume anthu. Chinacho ndinachiganizanso, sindikana.

Mayi ameneyu, amene lero timabwerekana mchere, ndi yemwe kale ankaletsa ana ake kudya kwathu. Ankati Mabhurandaya, ndiye ife ana a Amalawi, timathira mankhwala m'ndiwo, ndipo tilibe kwathu. Ndinafuna kumukumbutsa, koma mutu wanga unali pa mdzukulu, osati pa zakale.

Panali vuto linanso. Ife obadwira kuno tinatengera mwambo wa eni dziko wa sahwira. Sahwira ndi mnzake wa malemu wa pamtima, osati wachibale. Pa maliro iye ndiye mwini bwalo. Akhoza kunyoza malemu, akhoza kuvala jekete lake nkumayenda monga ankayendera, akhoza kuulula za kubhawa pamaso pa abusa, anthu nkumaseka misozi ili mbwee. Chilichonse chimene achite, palibe womukhudza. Ukamenya sahwira wamenya maliro, ndipo wapitayo sagona. Tsono sahwira wa mwana wanga anapita ku Joni kalekale, nkumwalira komweko. Maliro athu anali opanda sahwira. Anali ouma, olemera, opanda woziziritsa mitima. Makorokoza anzake a mdzukulu wanga anali atakhala pa khoma la fensi ngati akhwangwala, ena atayamba kale kununkha mowa.

Lole ija inafika. Anatsika amuna a maovolosi, anthu athu, ena ndimawadziwa. Ndinayamba kupuma. Ndiye pomalizira penipeni kunatsika kamdala kakafupi, ka imvi, kowonda. Mtchaina. Ndipo abale anga, mmene anavalira! Shati yoyera. Matenesi oyera. M'mutu atamanga nsalu yoyera mbee, ina m'chiuno. Amuna onse pabwalo ali m'majekete akuda, iye ngati wobatizidwa kumtsinje.

Pa khoma paja wina anaimba mluzu.

"Hezvo! Wabwera ku ukwati!"

"Wabwera kudzasangalala ameneyu. Mudhara wako, bambo ako, wafa, iye wavalira phwando!"

Ndinaona mdzukulu wanga akuimirira pang'onopang'ono. Sanapite kwa munthuyo. Analowera kuseri kwa nyumba, kumene timaimika mipini ya makasu. Miyendo yanga ndi yotupa, koma tsiku limenelo ndinathamanga. Ndinamupeza dzanja lili kale pa mpini.

"Iwe, mipando ya abusa ili kuti?"

"Agogo, ndisiyeni."

"Mipando! Ukatha mipando, nkhuni. Ukatha nkhuni, bokosi la bambo ako anyamule ndani kutsogolo? Ine?"

Nzeru yanga inali imodzi yokha: manja ake asakhale opanda kanthu. M'mawa wonse ndinamutuma ngati mwana wa sitandade wani. Akatula ichi ndamusenzetsa icho. Maso anga limodzi pa bokosi, lina pa iye.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda kulowa m'nyumba. Ine ndinali pamphasa ndi mpongozi wanga, mkazi wa malemu. Kamdala kaja kanalowa pamzere ngati wina aliyense. Katafika pa bokosi sikanadutse. Kanagwada. Kanagunda mutu pasimenti, gu! Kanadzuka, gu! Amayi anabwerera m'mbuyo, nyimbo inaduka pakati.

"Maiwe, akuchita chiyani?"

"Akutenga mzimu! Mbuya, akutenga mzimu wa mwana wanu!"

Kenako munthu uja analira. Sikunali kulira kwa amuna a kuno, kopukuta diso ndi chipewa. Analira mokuwa, kamwa ili yasa, mamina ali chuchuchu, akumenya bokosi ndi chikhatho. Mnansi wanga uja, amene ankati salira, anandinong'oneza, "Arikunyepera." Akuti akunamizira. Ine ndaona anthu ambiri akunamizira kulira pamaliro, ena ndi abale anga enieni. Uyu sankanamizira.

Anakwawa ndi maondo kufika pamene ndinali. Anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, okhakhala, odzaza ndi mabala a zitsulo ngati a mwana wanga. Anati, "Amayi." Analoza bokosi, analoza pachifuwa pake. "Achimwene." Chichewa chake chinathera pomwepo.

Mmodzi wa amuna a maovolosi aja anagwada pambali panga.

"Gogo, uyu si bwana ayi. Amakonza mapampu. Amagona m'kontena ngati anzake. Iye ndi malemu ankadya m'chitini chimodzi, ndudu imodzi ankasuta awiri."

Mtima wanga unati phaa. Mwana wanga akabwera Lamlungu ankati, "Amayi, ikani mbatata zambiri, ndi chiponde chija, ndikagawane ndi mdala wa kuntchito." Ndinkaika. Mdala wa kuntchito, mdala wa kuntchito. Ine ndinkaona m'maso mwanga nkhalamba ya ku Mozambiki kapena Mndebele wina wopanda mkazi. Sanandiuzepo kuti mdalayo ndi Mtchaina, inenso sindinafunse. Chiponde changa chonse chija chinkapita m'mimba iyi.

Koma mdzukulu wanga zimenezi sanazimve. Anali panja ndi nkhuni. Chimene anamva iye nchakuti Mtchaina wagogoda mutu pa bokosi la bambo ake.

Kumanda tinapita dzuwa lili pamutu. M'basi ndinkangopemphera pemphero limodzi: Ambuye, mumangeni manja. Abusa anawerenga, tinaimba, bokosi linatsika. Ife a banja tinaponya dothi. Amuna anayamba kulandirana mafosholo, monga timachitira. Apa ndi pamene nzeru yanga inandithera, chifukwa mwana wa malemu ayenera kugwira fosholo. Ndikanamuletsa bwanji? Ndinaona chitsulo chija chikulowa m'manja mwake.

Nthawi yomweyo kamdala kaja kanatuluka m'gulu ndi pepala la pulasitiki. Kananjuta kumutu kwa manda. Kanatulutsa malalanje nkuwandandalika pansi. Kanatulutsa ndudu, kanayatsa, kanakoka kamodzi, nkuizika m'dothi utsi ukukwera. Kanatsegula kabotolo nkuthira pansi mozungulira, kakulankhula chakwawo pang'onopang'ono, ngati munthu akuuza mnzake za ulendo.

A mkulu a mpingo anakweza Baibulo. "Aikona! Izi si za Chikhristu izi!"

Makorokoza aja: "Mushonga! Mankhwala awa! Akumanga mzimu!"

"Akutseka pakamwa pa malemu kuti asanene zimene anamuchita kuntchito!"

"Mfana, wangoima? Ndi bambo ako awa!"

Mdzukulu wanga analeka kukwirira. Anatembenuza fosholo, kukamwa kwake kukhala cham'mbali. Aliyense amene anakhalapo kumigodi akudziwa kuti fosholo ikagwiridwa chotero sikupita kudothi. Anayamba kuzungulira manda. Kamdala kaja kali chogwada, kapereka msana, khosi lili pamtunda, sikakumva chilichonse chimene chikunenedwa. Ine ndili tsidya lina la dzenje, amayi awiri andigwira m'mikono. Ndinaona bwinobwino maunyolo, ndinaona khoti lija, magalasi aja akutsika pamphuno. Ndinaona ndikuika mwana lero, mawa nkumanyamula chakudya kupita kundende.

Pamenepo mawu anga anabwerera. Anachokera kuzidendene.

"SAHWIRA! Ameneyo ndi sahwira wa mwana wanga!"

Akuti ndi a maliro ena, amene ankaika wawo kumapeto kwa manda, anatembenuka. Mdzukulu wanga anaima, fosholo ili m'mwamba.

"Agogo, mwati chiyani?"

"Wamva. Uli ndi makutu."

"Sahwira Mtchaina? Zinayamba zachitika kuti?"

"Zayamba lero, pa manda a mwana wanga, amene ndinabereka ine! Ndani ankadya naye m'chitini chimodzi? Iwe? Ndani ankasuta naye ndudu? A mkulu a mpingo, pepani, mwana wangayu ankasuta, lero mwadziwa. Sahwira waulula, ndiyo ntchito yake!"

Wina kumbuyo anaseka, nkudzigwira pakamwa. Koma mdzukulu wanga sanatsitse fosholo.

"Wabwera kudzatiseka, agogo. Taonani mmene wavalira. Zoyera pa maliro a bambo anga!"

"Tandiyang'ana ine! Ndiyang'ane! Ndavala chiyani?"

Ndinadzimenya pachifuwa. Ndinali m'yunifomu ya amayi a Lachinayi: bulauzi yoyera, duku loyera. Kumbuyo kwanga mzere wonse wa amayi a mpingo, mitu ili mbee ngati thonje.

"Nafenso tabwera ku ukwati? Mayi ako awa abwera ku phwando?"

Zoona zake, nanenso ndinali ndisanaziganize mpaka mawuwo atatuluka. M'mawa wonse nsalu ya munthu uja inkandibaya m'maso, pamene ine mwini ndavala yomweyo m'mutu. Za kuthira pansi zija sindinaziope kwambiri. Bambo anga, amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, ankathira ufa ndi mowa patsinde pa mtengo kuseri kwa komboni, akutchula amayi awo. Koma pamenepo sinali nthawi yofotokozera a mkulu a mpingo za bambo anga.

Palibe anasuntha. Fosholo inali ikadali m'mwamba. Ndinadziwa kuti mawu anga okha sakwana, mwambo umafuna anthu aulandire. Akakana, ndangokhala nkhalamba yopenga ndi chisoni.

Amene anandipulumutsa ndi mnansi wanga uja, wa kabichi, wa "salira aja." Anamanga chitenje m'chiuno, analowa pakati akuvina mwamatama, nkukagwira nsalu ya m'chiuno ya kamdala kaja.

"Nhai sahwira! Wachedwa bwanji? Mnzako wagona ndi njala! Ndipo malalanje atatu okha, waumbombo iwe? Ife tidya chiyani?"

Anatola lalanje limodzi nkulibisa m'bulauzi. Amayi anaphulika kuseka. Wina analiza nthungululu. Kamdala kaja kanatembenuka, maso ofiira, kakudabwa kuti chachitika nchiyani. Pamenepo ndi pamene kanaona fosholo ili pamwamba pake. Sikanathawe. Karate ija sitinaione. Kanangoyang'ana mnyamatayo, nkhope yake yofanana ndi ya bambo ake, nkuyambanso kulira.

Ndinati, "Mpatse fosholo. Sahwira akwirire mnzake."

Anaiponya pansi, pafupi ndi mapazi a munthuyo.

"Tola. Sindinakulere choncho. Umupatse ndi manja awiri."

Abale, kanthawi kameneko ndinakalamba nako. Anandiyang'ana. Anayang'ana anzake aja, koma iwo anali atayang'ana kumbali, chifukwa ngakhale korokoza woledzera amaopa mzimu wa munthu amene sahwira wake wamenyedwa. Anawerama. Anatola. Anapereka ndi manja awiri.

Kamdala kaja kanalandira ndi manja awirinso, nkuweramitsa mutu. Kanakwirira osafuna kulandiridwa. Amuna akati abwere nayo, kakukana. Pomaliza zoyera zija zinali zofiira ndi dothi la ku Kwekwe, ndi matenesi omwe.

Titabwerera kunyumba, pageti timasamba m'manja. Ndinapatsa mdzukulu wanga jagi.

"Thirira sahwira."

"Agogo, mwandizunza lero."

"Ndipitiriza. Thira."

Anathira, nkhope atayang'ana kumsewu. Tinamukhazika mdalayo pa mpando wabwino. Anadya ndi manja, akutema mbamu zazikulu ngati mwana wanga, zikuoneka kuti anamuphunzitsa ndi iyeyo. Ndiye sindikudziwa anamasula ndani, galu uja anatulukira. Anapita molunjika kukagona pa mapazi a mlendo. Amayi onse a kabichi aja analeka kutafuna. Bwalo lonse maso pa galu. Mdala anatenga fupa m'mbale, anampatsa, anamukanda kukhutu. Mnansi wanga anati, "Akumunenepetsa kaye." Ndinamumenya mayiyo ndi chipande. Galuyo alipo mpaka lero, wakalamba, mano atha.

Za nsalu ija tinadzamva pambuyo, kwa mnzawo wa kuntchito amene amamva pang'ono chilankhulo chawo. Akuti kumudzi kwa mdalayo zoyera ndi za maliro, ndipo nsalu ya m'mutu amamanga achibale. Ndinafunsa ngati Matchaina onse amatero. Anati iye sakudziwa, dziko lija ndi lalikulu, ngakhale pa kampani pomwepo ena akamalankhula chakwawo anzawo samva. Iye akudziwa za mdalayo basi.

A mkulu a mpingo anandiitana Lachinayi lotsatira. "Mayi, mowa pa manda a Mkhristu, inu nkuvomereza?" Ndinati, "Abambo, mukanakonda magazi?" Anandipatsa vesi. Ndinailandira.

Musaganize kuti mdzukulu wanga anasanduka mngelo. Mpaka pano akakhala ndi anzake amati, "Matchaina ndi oipa onse." Ndikamuyang'ana amawonjezera, "Kupatula sahwira." Amayi a kuseri nawonso nkhani zawo ndi zomwe zija, za akaidi ndi za agalu.

Chaka chino tagula mwala wa pamanda. Mwambo wake ngwakuti nsalu yophimba mwala amavundukula ndi sahwira, ndipo wokamuuza ndi mwana wa malemu, pamaso, osati pa foni. Ndinazengereza masabata. Pa geti la kampani ija pamakhala alonda, pamakhala mabwana, pamakhala Matchaina ena amene si sahwira wa munthu. Mawu amodzi olakwika, dzanja lija likhoza kukwera, ndipo woweruza uja sanafe. Koma mwambo ndinauitana ndekha pamaso pa anthu, sindikanauthawa.

Mdzukulu wanga anapita Loweruka m'mawa. Ndinamusecha m'matumba ngati wapolisi, ndinamulanda ndi kampeni kodulira zikhadabo komwe. Atakwera kombi ndinatulutsa mpando nkukhala pageti. Sindinaphike. Kombi iliyonse ikaima pakona ndikuimirira, ikadutsa ndikukhala. Galimoto ya polisi inadutsa, ndinaitsatira ndi maso mpaka pakona. Mnansi wanga ali pa fensi: "Mbuya, mutha mpando."

Dzuwa litapendeka ndinamuona akubwera. Ndinayang'ana manja poyamba. Kudzanja limodzi kunalibe kanthu. Kwinako ananyamula pepala la pulasitiki.

"Wamupeza?"

"Ndamupeza."

"Wati chiyani?"

"Ndidziwa bwanji, agogo? Tinangolozerana. Ndamuonetsa chithunzi cha mwala. Walira kachiwiri, pamaso pa alonda, manyazi ake. Abwera."

Anandiponyera pepala lija pamiyendo. Munali malalanje.

"Ndipo akuti chiponde. Mawu amenewo amawadziwa."

Ndinalowa m'nyumba kukakazinga mtedza.